Kapitawo Waulemu wa Zuze

Panali munthu wina, dzina lake Zuze, amene ntchito yake inali yophunzitsa makompyuta kumvera. Anabadwira kuchigwa, kumene mtsinje umakhala mnansi wabwino miyezi yambiri, kenako tsiku lina n'kulowa m'nyumba za anthu osaodira. Atakula anapita kutauni, nalembedwa ntchito pa ofesi ina yoyang'anira madzi a m'mitsinje.

Ntchito ya ofesiyo inali imodzi, koma yolemera. Mvula ikagwa kumapiri, iwo ankayenera kunena msanga kuti madzi akafika pati kuchigwa, mudzi uti usamuke, mudzi uti ukhale. Wodziwa masamu ake anali Mayi Nangondo, mayi wamfupi wa magalasi, amene ankaudziwa mtsinjewo monga mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Koma masamuwo anali aakulu zedi. Akuti atawapatsa kompyuta imodzi, inawerenga, inawerenga, mpaka chiswe chinamanga chulu pa waya wake, yankho osatuluka. Ena amati mlonda wa pa ofesipo anafunsira mbeta, nakwatira, nabala mwana, mwanayo n'kumera mano, kompyuta ikadali pa mudzi woyamba.

Tsono akuluakulu anagwirizana kuti achite dima. Dima ndi lija lakale: munda ukamukulira munthu, amafulula thobwa n'kuitana anansi, aliyense abwere ndi khasu lake. Aliyense apatsidwa ndime yake, ndipo dzuwa lisanapendeke munda watha. M'makoleji ndi m'maofesi ambiri munali makompyuta amene nthawi zambiri ankangokhala n'kumayasamula. Eni ake anavomera kuwabwereketsa kudzera pa intaneti, kompyuta iliyonse ili kwawo komweko. Chigwa chonse anachigawa ndimendime, kuti kompyuta iliyonse iziwerenga ndime yake n'kubweza yankho.

Nzeruyo inali yabwino, koma kuitana alimi amenewa kunali kowawa. Kompyuta iliyonse inali ndi chipata chake, mawu ake achinsinsi, ndi mkhalidwe wake. Ina inkafuna kupemphedwa mwakuti, ina mwakuti. Ina ukalakwitsa kadontho kamodzi inkakufulatira ngati apongozi okwiya. Mayi Nangondo ankatha tsiku lonse akugogoda pa zipata zimenezi, za mtsinje ataziika pambali.

Zuze anawamvera chisoni. Anakhala pansi nthawi yaitali, napanga pulogalamu, naitcha Kapitawo. Kapitawo ameneyu ankadziwa chipata chilichonse ndi kagogodedwe kake. Munthu ankangoika masamu ake n'kudina batani limodzi. Zotsalazo zinali za Kapitawo: kugawa ndime, kutumiza, kudikira, kusonkhanitsa mayankho, n'kujambula mapu a chigwa chonse pa galasi la kompyuta. Kumene madzi sakafika kunkaoneka kobiriwira, kumene akafike kunkaoneka kwa buluu. Ntchito imene ikanatenga chaka inkatha tiyi asanazizire m'kapu. Mayi Nangondo anapuma, nabwerera ku mtsinje wawo.

Koma Kapitawo woyambayo analibe mwambo. Mukudziwa kuti pa dima sipalephera wothawa ndime. Kwina magetsi ankazima, kwina waya wa intaneti ankaduka, kwina mwini kompyuta ankaitenga kuti alembere mayeso a ana asukulu. Ndime ikapanda kubwera, Kapitawo ankasiya bowo lofiira pa mapu, n'kulemba zilembo zikuluzikulu kuti, "Pano sindikudziwa."

Tsiku lina kunabwera alendo olemekezeka, a m'gulu limene linkathandiza ofesiyo. Mkulu wa ofesi, a Chirambo, anavala tayi yawo yatsopano, nadina okha batani pamaso pa alendowo. Mapu anatuluka ali mabowo ofiira ngati mwana wodwala chikuku. Mlendo wina anavala magalasi, nawerenga mokweza, "Pano sindikudziwa." Anawerenganso pena. Anzake anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu ophunzira, kosaonetsa mano.

Alendo atapita, a Chirambo anaitana Zuze.

"A Zuze, chida chimenechi mwachipanga kuti chitipeputsire ntchito kapena chizitivula pagulu? Mwana woyankha kuti sindikudziwa pamaso pa alendo amaonetsa kuti kwawo kulibe akulu. Kachiphunzitseni ulemu."

Mawuwo anamulasa Zuze, pakuti iye anali munthu waulemu wopitirira muyeso. Analeredwa ndi amalume ake, amene anali mthenga wa maliro m'mudzi mwawo. Amalumewo sankafika pakhomo n'kunena kuti wakuti wamwalira. Ankakhala pansi, n'kulandira madzi akumwa, n'kufunsa za ana ndi za kumunda. Kenako ankati, "Achimwene anu aja sakupeza bwino kwenikweni, tiyeni mukawaone," chonsecho adzukulu ali mkati mokumba manda. Zuze anakula akudziwa kuti nkhani yoipa saipereka ili maliseche.

Choncho anamuphunzitsa Kapitawo mwambo. Anamuuza kuti ndime ikapanda kubwera asasiye bowo, koma ayang'ane ndime za m'mbali, atenge yankho lawo, apake pamenepo. Ndi mmene amachitira waganyu wochenjera: udzu sauzula, amangoukwirira ndi dothi, mwini munda akaima kumutu kwa munda n'kuona mizere yonse yasalala. Mawu oti ndime yakutiyakuti sinabwere, Zuze sanawataye. Anawabisa kuseri kwa pulogalamuyo, pa kakhomo kamene ankakadziwa yekha. Mumtima anadzitonthoza kuti malo oyandikana amafanana. Ndipo kawirikawiri amafananadi.

Mayi Nangondo anafunsa kamodzi. "A Zuze, nanga mabowo athu aja apita kuti?"

"Ndakonza, mayi."

Iwo anali ndi zambiri m'mutu. Anagwedeza mutu, napitiriza ntchito yawo.

Kuyambira pamenepo Kapitawo anatchuka. Sankakalipa, sankadandaula, sankachedwa. Ngakhale munthu wosadziwa kuseri ndi kumaso kwa kompyuta ankadina batani n'kutulutsa mapu osalala ngati nsalu yositidwa. Zimene mapuwo anena, ofesi inkatumiza ku wailesi, wailesi n'kuuza anthu a kuchigwa.

Kuchigwako, pamene mtsinje umakhota, panali mudzi wa kwa Mphembedzu, kwawo kwa Zuze. Kunkakhala mlongo wake wamkulu, Esinala, ndi ana ake, ndi mwamuna wake Jofilisi, mlimi wa mbatata wa mbuzi zambiri ndi pakamwa papakulu. Jofilisi ankamunyadira mlamu wake kuposa mbuzi zake zonse. Pa bawo ankauza anzake kuti mlamu wake anautsekera mtsinje m'bokosi, ndipo m'mawa uliwonse amauyeza kutentha ngati wodwala. "Ng'ona ikayetsemula kumtunda, makina a alamu anga alemba kale," ankatero. Anthu ankaseka, koma ankamva. Kale ankadzuka kukayang'ana thovu pamadzi, zipika zoyandama, ndi mtundu wa matope, kuti adziwe zimene mtsinje ukuganiza. Wailesi itanena zoona chaka china, n'kunenanso zoona chaka chotsatira, anasiya kupita kugombe kukayang'ana.

Kenako kunafika chaka cha mvula yaikulu. Inagwa kumapiri osapuma, mpaka achule anasasa mawu. M'mawa wina Mayi Nangondo anaika masamu awo, nadina batani. Mapu anatuluka osalala monga mwa masiku onse. Midzi ya kufupi ndi mlatho inali ya buluu. Kwa Mphembedzu kunali kobiriwira. A Chirambo anatumiza uthenga, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo wailesi inalengeza kuti a kumlatho asamukire kumtunda, ena onse akhale m'nyumba zawo.

Mtima wa Zuze sunakhazikike. Iye ankapadziwa pokhota mtsinjepo. Ali wamng'ono anaona ndi maso ake nkhokwe ya mayi ake ikuyandama, tambala ali pamwamba, pa mvula yochepa kuposa imeneyi. Anayang'ana uku ndi uku, natsegula kakhomo kake kakuseri.

Kumeneko anapeza zimene zinachitika. Mvula yomweyo inali itagwetsa mitengo ya magetsi ku koleji ina, ndipo makompyuta a kumeneko ndi amene anapatsidwa ndime ya kwa Mphembedzu. Ndimeyo sinabwere. Kapitawo, mwaulemu wake, anatenga yankho la ndime yoyandikana nayo. Ndime yoyandikanayo inali phiri limene pali sukulu ndi tchalitchi. Kubiriwira kwa kwa Mphembedzu kunali kobwereka kuphiri.

Chitseko cha a Chirambo chinali pafupi. Koma mkatimo munali msonkhano wa akuluakulu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mapu aja ali pakhoma, ndipo Zuze ankamva kuwomba m'manja. Ankawombera m'manja Kapitawo. Sanapite kumeneko. Anati mumtima, ndikonza mwakachetechete. Anatumiza ndimeyo ku kompyuta ina, koma makompyuta ambiri anali mumdima tsiku limenelo, ndipo otsalawo anali ndi mzere wautali. Yankho likanabwera chakumadzulo.

Anatuluka panja, naima pakhonde mvula ikudontha, naimbira foni mlongo wake.

"Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko?"

"Taswera bwino, kaya inu achimwene? Mwatikumbuka lero."

"Ana ali bwanji? Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha?"

"Chinatha, akusewera m'matope."

"Nanga mbatata chaka chino?"

Esinala anafotokoza za mbatata, za zimene anyani anaononga, za mbewu imene anapempha kwa anzake. Zuze anamvetsera zonse. Kenako anatsokomola.

"Mtsinjewo ukuoneka bwanji?"

"Wadzaza ndithu. Koma wailesi yati kuno tikhale."

"Eya. Komabe, achemwali, bwanji lero mukagone kusukulu kuphiri kuja? Kungosinthako mphepo."

Esinala anaseka, ndipo foni inalandidwa ndi dzanja lina.

"Alamu!" anafuula Jofilisi. "Mwayamba liti kuopa madzi, inu wobadwira m'bwato? Kutauni kwakufewetsani eti? Ndamva mumasamba madzi otentha ngati nkhuku yofuna kusosola."

"Alamu, sindikucheza. Ndikanakonda mukanasamuka."

"Makina anu ati tikhale, inu mukuti tithawe. Tsono timvere ndani, mwana kapena atate ake? Kapena makinawo ndi abodza?"

Pamenepo panafunika liwu limodzi lokha. Zuze analiona liwulo lili pa lilime lake, lolemera ngati mwala wa mphero.

"Ayi, abodza ayi," anatero. "Kungoti nthawi zina..."

"Basi, mwanena nokha! Ine ndauza mudzi wonse kuti ugone tulo, makina a alamu anga ali maso. Ndiye ndiyambe ine kusenza mphasa kukwera phiri? Angandiseke ndi ana a mbuzi omwe. Khalani bwino alamu, ndikukamanga mbuzi zanga m'khola zinganyowe. Pobwera musaiwale shuga."

Foni inaduka.

Zuze anaima pakhondepo. Anaona kuti anabala chinthu chimene mawu ake anakula kuposa mawu a mwini wake. Anaonanso kuti ngakhale mlongo wake akanamumvera, mudzi wonse ukanakhala, pakuti mudzi sunamve foni, unamva wailesi. Komabe anazengereza. Anabwerera pampando wake kukaona ngati yankho lafika. Linali lisanafike. Anapita kukamwa madzi. Anabwereranso. Dzuwa, kuseri kwa mitambo, linali kupendeka.

Potsiriza anadzuka. Analowa mumsonkhano muja osaodira, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anadutsa pamaso pa akuluakulu osawerama, nafika pa kompyuta imene inkaonetsa mapu pakhoma. Anatsegula kakhomo kakuseri, namuvula Kapitawo ulemu wake wonse.

Mapu anabuka zilonda. Mabowo ofiira anatuluka apa ndi apo, ndipo lalikulu linali pokhota mtsinje.

"Bwana, pamenepa sitikudziwa," anatero Zuze. "Ndime imeneyi sinalimidwe. Ndinaikwirira ndine. Kwa Mphembedzu kuli anthu."

A Chirambo anatsegula pakamwa, koma Mayi Nangondo anali ataimirira kale. Anafika pakhoma, nayang'ana bowo lalikululo, nayang'ana mvula imene inagwa kumapiri. Sanafune kompyuta kuti adziwe tanthauzo lake.

"Imbirani wailesi," anatero. "Anene kuti kwa Mphembedzu ndi midzi yonse yofiirayi anyamuke tsopano lino. Asadikire kuphika. Asadikire munthu."

Kenako anatembenukira kwa Zuze. Sanakalipe.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la alendo lija, mayi."

Anavula magalasi awo, nawapukuta nthawi yaitali.

Wailesi inalengeza, inabwerezanso, inabwerezanso. Kwa Mphembedzu anthu anayang'anizana. Ena anati wailesi yaledzera, masana yanena china, tsopano china. Koma amayi ena achikulire anatsikira kugombe, kumene anali atasiya kupita, naona thovu ndi zipika, nabwerera akuthamanga chitenje chili m'manja. Mudzi unanyamuka. Pofika pa kanjira ka kuphiri madzi anali kale m'mawondo. Esinala anabereka wamng'ono, nagwira wina padzanja, dengu la nkhuku lili pamutu. Jofilisi anasenza mwana wachitatu paphewa, nawakweza onse mpaka pakhonde la sukulu. Sanaseke njira yonse.

Atawatula anati, "Mbuzi zija ndazimanga ndekha. Sizingathawe."

Esinala anamugwira malaya. Iye anachotsa dzanjalo mofatsa, natsika.

Akananyamuka masana, mbuzizo zikanayenda zokha patsogolo pawo.

Kutauni, chakumadzulo, kompyuta ina yakutali inamaliza ndime ija n'kubweza yankho. Bowo lofiira linatsekeka. Pokhota mtsinje ponse panali pa buluu, mudzi wonse, mpaka m'tsinde mwa phiri. Zuze anaimba foni ya mlongo wake. Sinalowe.

Madzi anabwera ngati khoma. Anatenga nyumba, nkhokwe, makola, ndi minda ya mbatata. Anthu a kwa Mphembedzu anaonera zonsezo ali paphiri, amoyo. Atawerengana anapeza kuti wasowa mmodzi. Jofilisi anamupeza patapita masiku, kumunsi kwa mtsinje, m'bango, chingwe cha mbuzi chikadali m'dzanja.

Zuze anapita kumaliro. Anawachitira paphiri pomwepo, pakuti kumudzi kunali matope okhaokha. Anthu ena anamugwira chanza, nati pakanapanda uthenga wachiwiri uja tonse tikanatha. Iye sanathe kuwayang'ana kumaso. Mwambo utatha anakakhala pansi pafupi ndi mlongo wake, kuseri kwa kalasi imene anthu ankagonamo. Kenako Esinala analankhula, maso ali pansi.

"Achimwene, tsiku lija munaimba foni, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, achemwali."

"Munkadziwa kuti madzi akubwera?"

"Ndinkadziwa kuti makina sakudziwa."

Esinala anakonza mpango wakuda kumutu kwake.

"Nanga munayambiranji ndi kufunsa za mbatata?"



Tsono inu amene mukumva fanizoli, ambiri mwa inu mukugwira zida zimene zimaitana makompyuta ambirimbiri pa dima limodzi, ndipo ena mwa inu ndinu amene mukuzipanga. Batani limodzi lija si tchimo. Palibe amene akufuna kubwerera kukagogoda pa zipata tsiku lonse mtsinje ukudzaza. Chida chikusenzereni katundu, ndiyo ntchito yake. Koma ndime ikapanda kulimidwa, chinene kuti sinalimidwe, ngakhale pamaso pa alendo, ngakhale bwana atavala tayi yatsopano. Mukaona mapu osalala tsiku limene magetsi azima dziko lonse, funsani kuti mabowo apita kuti, ndipo wina akati ndakonza, muuzeni akuonetseni mmene wakonzera. Ulemu ndi wabwino, tinaleredwa nawo tonse. Koma pansi pa bowo lililonse lofiira pali mudzi, ndipo m'mudzimo muli munthu amene akumanga mbuzi zake chifukwa wakukhulupirirani.